Aulutsi a pa kanema, mwano wanu umagwera osauka okhaokha

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndiyankhule ndi anyamata ndi atsikana amene amaonekera pa mawailesi athu a kanema. Ine ndimaphika nsima ndi tiyi pa Chinkhoma, chapafupi ndi msika wa fodya. Kanema amene ali pakhoma la lesitilanti yanga timamuyatsa m'mawa posonkha moto, n'kudzamuzimitsa usiku tikatsuka mbale, kupatula pamene magetsi athima. Mapologalamu ndimawaonera diso limodzi, lina lili pa mphika, komabe ndikhulupirira kuti ndimaona ambiri kuposa mabwana amene amalipira aulutsiwo. Dandaulo langa ndi lakuti ena mwa iwo alowa mwano, ndipo mwanowo amachita kusankha woti amuthire. Umagwera mlimi, mayi wamasiye, agogo akumudzi, mnyamata amene ali mu unyolo kupolisi. Munthu wa tayi wotsika m'galimoto ya boma saulawa.

Wina asafulumire kunena kuti mayiyu akufuna atolankhani ogwada. Ayi ndithu. Ine ndinakula pamene dziko lino linalibe wailesi ya kanema ndi imodzi yomwe. A Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, sanalole. Tinali ndi wailesi imodzi ya MBC, ndipo wofuna kutsutsa zimene yanena ankayamba wacheuka kaye asanatsegule pakamwa. Kanema wathuwathu anadzayamba mu 1999, TVM ija, patapita zaka zisanu chiyambireni ulamuliro wa zipani zambiri. Lero pa dikoda tikupeza MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi ena, ndipo gawo 36 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa atolankhani ufulu wofalitsa nkhani. Ufulu umenewu ine ndimaukonda. Muulutsi akapanikiza nduna pa nkhani ya feteleza wotsika mtengo wa boma amene sanafike m'madepoti mvula itagwa kale, kapena pa nkhani ya mizere ya mafuta, lesitilanti yonse imaleka kudya. Amuna amaimirira mbamu ili m'manja n'kumakuwa kuti, "Mufunseni ameneyo! Asazembe!" Pamenepo ndiye timati ntchito yagwirika, ndipo alipo aulutsi amene amaigwira chonchi, ndimawavulira duku.

Koma taonetsetsani mmene ambiri amakhalira wamkulu akalowa mu situdiyo. Mawu amafewa. "Olemekezeka, mutikhululukire, tili ndi kafunso kena kakang'ono." Bwana akaponya nthabwala yosaseketsa n'komwe, muulutsi amaseka mpaka kugwira tebulo. Bwana akazemba funso n'kuyamba kufotokoza za misewu imene boma lakale silinamange, amamusiya ayende mpaka nthawi ithe, kenako n'kumuthokoza chifukwa "chopatula nthawi yake yamtengo wapatali". Mawa lake muulutsi yemweyo, atavala jekete yomweyo, akumana ndi mayi wogulitsa tomato amene akhansala amugwetsera benchi, mudzamve lilime lake mmene lathwera. Ali ngati tambala wolimbira nkhuku za pakhomo, koma kabawi akangodutsa ndiye woyamba kulowa m'khola.

Ndifotokoze zimene ndinaona ndi maso anga, ngakhale sinditchula nyumba youlutsira imene muulutsi wake anachokera. Inali nyengo ya msika, mabelo akubwezedwa kwambiri, alimi ena atagona masiku pa Chinkhoma pano kudikira kuti fodya wawo alowe. Kunabwera galimoto ya akanema, muulutsi wachinyamata ndi mnzake wa kamera. Anayamba adya kaye kwa ine. Mtsikana wanga woperekera zakudya ankamuitana pokhwatchitsa zala, osati ndi pakamwa, koma zimenezo tinazizolowera, wamalonda sasunga mangawa. Atakhuta anatuluka kukasaka mlimi woti amufunse, ndipo anapeza bambo wina wachikulire wochokera cha ku Wimbe, amene ankamwa tiyi kwa ine m'mawa uliwonse. Bamboyo anavula chipewa, n'kukonza kolala ya malaya, poti aonekera pa kanema.

Iwo anayamba bwinobwino kuwerengera muulutsiyo mmene ndalama ya fodya imathera isanafike m'thumba. Anatchula nazale, feteleza wa ngongole, mitengo ndi udzu wa zigafa, chakudya cha matenanti kuyambira dzinja mpaka msika, kubwereka jeke, ziguduli, thiransipoti, kenako zodula za pamsika zimene zimaoneka pa pepala la malonda. Ankafuna kufika pa mfundo yakuti belo likabwezedwa, mlimi amakhala akudya ndalama imene sanailandire. Sanafikepo. Mnyamata uja anawadula pakamwa: "Ndiye mumalimiranji fodya ngati mulibe ndalama?" Bambo aja anati ayankhe, iye n'kuwonjeza lina: "Dola imene mukulirayi mumaidziwa n'komwe kuti ndi makwacha angati?" Kenako lilime linawapotoka potchula dzina lachizungu la mgwirizano wawo ndi kampani yogula fodya, ndipo muulutsi anabwereza mawuwo mmene iwo anawatchulira, akuyang'ana kamera, akumwetulira. Mnzake wa kamera anaseka mpaka chithunzi kugwedera.

Madzulo ake zinaonetsedwa, ife tili pomwepo. Za zodula zija munalibe. Munali kupotoka kwa lilime kuja ndi funso la dola lija. Pasanathe sabata kachidutswako kanali pa WhatsApp ndi pa Facebook, anthu ataikapo tinkhope toseka. Anyamata a kabaza anayamba kuwaitana bambo aja ndi mawu omwe aja. Munthu amene kwawo ndi nkhoswe ya mabanja, amene amaweruza milandu pabwalo, anasiya kukhala pa benchi ya kutsogolo n'kumamwera tiyi kuseri kwa khitchini yanga.

Chimene chimandiwawa koposa si manyazi awo okha. Nkhani inafa. Bamboyo anali ndi zinthu m'mutu zimene nduna ya zaulimi ndi a bungwe loyang'anira fodya la Tobacco Commission anayenera kuzimva kuchokera pakamwa pa mlimi, ndipo akanangopatsidwa mphindi ziwiri akanazinena momveka kuposa akatswiri a masuti amene mumawaitana ku situdiyo. Muulutsi anabwera ulendo wonse kuchokera ku Lilongwe, kuwotcha mafuta, n'kubwerera ndi nthabwala. Ndipo nthabwalayo inagwera munthu amene fodya wake amagulidwa m'madola, madola amene dziko lino limagulira mafuta, mankhwala ndi makamera omwewo. Fodya ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja kuposa mbewu ina iliyonse, ndipo Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene amalima kwambiri. Mlimi wa fodya wa bale dola amaidziwa. Amaiwerenga pa pepala lake chaka ndi chaka.

China chimene a mu situdiyo amaiwala ndi mmene ife timaonera kanema. M'tauni mwina munthu amaonera yekha kuchipinda, kapena pa foni atatseka makutu. Kuno sizili choncho. Kanema mmodzi wa sola amasonkhanitsa mabanja asanu. Pa golosale, pa malo ometera, m'lesitilanti ngati yangayi, pamakhala mkamwini ndi apongozi ake, mdzukulu ndi agogo, abusa ndi woledzera, onse maso pa galasi limodzi. Ndiye taganizani pologalamu ya zisangalalo ili mkati, muulutsi wamwamuna akufunsa mtsikana woimba kuti wagonapo ndi amuna angati, kapena kuti thupi lakelo ndi lachibadwa kapena logula. Mtsikanayo amaseka chifukwa alibe pothawira, nyimbo yake ikufunika kuulutsidwa. Ife kuno aliyense amayang'ana pansi. Apongozi amanamizira kukatsuka m'manja. Ine ndimathamangira limoti ndi manja a ufa. Woimba wamwamuna akabwera pa mpando womwewo amafunsidwa za chimbale chake ndi za ulendo wake wa ku Johannesburg.

Ana nawonso akutola. Mdzukulu wanga wa sitandade 4 tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chimene sanatungire madzi, iye n'kundiloza ndi supuni ngati maikolofoni: "Agogo, musazungulire, funso langa ndi lakuti munandituma kapena simunanditume? Inde kapena ayi?" Makasitomala anafa nacho chiseko, inenso ndinaseka, koma khutu ndinalikoka.

Tsopano za kupolisi. Kawirikawiri timaona anyamata atawakhazika pansi panja pa polisi, opanda malaya, katundu amene akuti anaba ataunjikidwa patsogolo pawo, muulutsi ataima pamwamba pawo. "Iwe, unaba chifukwa chiyani? Ulibe manyazi? Tayang'ana kamera amayi ako akuone." Ine akuba sindiwakonda, anandithyolerapo chitseko n'kunditengera mapoto onse. Koma gawo 42 la malamulo aakulu omwe aja limati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Muulutsi si woweruza. Ena mwa anyamatawo khoti limadzawamasula, ndipo tsiku limenelo kamera simabwera. Amabwerera kumudzi nkhope yawo itadziwika dziko lonse kuti ndi ya mbava, ndipo m'dziko limene anthu amawotcha munthu ndi matayala chifukwa chongomuganizira, chimenecho si chinthu chochezera.

Zoopsa kwambiri ndi za agogo amene amanamiziridwa ufiti. Ndinaonapo muulutsi atagwada pafupi ndi gogo wina amene nyumba yake anthu anali ataigwetsa, osati kuti amutonthoze, koma kumufunsa moseka kuti ndege yake amaimika pati ndipo mafuta ake amagula kuti. Gogoyo ankangogwedeza mutu, milomo ikunjenjemera. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nkhalamba zaphedwa m'dziko muno chifukwa cha mawu amenewa. Munthu wophunzira, wokhala ndi maikolofoni, akamaseka nawo, anyamata a zikwanje kumudzi amamva ngati apatsidwa chilolezo. Kaya muulutsiyo amakhulupirira ufiti kaya sakhulupirira, zimenezo n'zake; pamaso pake panali munthu wokalamba wopanda pogona.

Pamaliro napo ulemu unathawa. Kuchokera pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kudzaikidwa m'nkhalango ya Kasungu mu 2022, midzi ya m'malire mwa nkhalangoyi yaona minda ikuphwasulidwa ndipo anthu ena ataya miyoyo. Ndi nkhani yofunika kuulutsidwa, ndipo tikuthokoza amene amabwera. Koma kubwera kwake kukhale kwa munthu wodziwa kuti wafika pa siwa. Osati kulowetsa kamera m'nyumba imene amayi akulira, kuponda mphasa ndi nsapato, n'kukankhira maikolofoni kukamwa kwa namfedwa kuti, "Mukumva bwanji?" Akumva bwanji? Pamudzi uliwonse pali mfumu, pali mwinimbumba, pali adzukulu. Mlendo amayamba waonana ndi amenewo, iwo ndi amene amamuuza woti ayankhule naye. Aulutsi athuwa si azungu. Anabadwira m'midzi yomweyi kapena makolo awo anabadwiramo, mwambo amaudziwa, ndipo pamaliro a kwawo sangalole mlendo achite zimenezi.

Za oimba mafoni ndingodutsapo mwachangu. Munthu wagula mayunitsi ndi ndalama ya sopo, wayesa kambirimbiri, mwamwayi foni yalowa. Akuti apereke moni, amukalipira kuti akutha nthawi. Akuti ayambe mfundo, amudula. Akakhala wa ku Nkhamenya kapena ku Chatoloma, kumene Chichewa chimasakanikirana ndi Chitumbuka, foni ikangoduka aulutsi awiri amayamba kuyeserera kayankhulidwe kake n'kumaseka. Boma lathu lino ndi pokumanira zinenero ziwirizi, ndipo m'lesitilanti mwanga zimamveka zonse tsiku lililonse popanda wosekedwa. A zamasewero nawo ali ndi matenda awoawo. Mnyamata waphonya chigoli, iwo n'kumati ndi chitsiru, akagulitse makala. Kunena kuti wasewera moipa ndi ntchito yawo, kumutukwana ayi. Ndi anthu omwewa amene ankalira ndi chimwemwe pamene Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija ndi Morocco mu 2022, ngati kuti wosewera amakhala munthu pa tsiku lokhalo limene wagoletsa.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti mwanowu ukuchokera kuti. Mbali ina ndi intaneti. Pologalamu masiku ano simathera pa kanema, amaiduladula n'kuiponya pa Facebook ndi TikTok, ndipo kachidutswa kamene kamayenda ndi kamene wina wanyozeka. Muulutsi akaona kuti tsiku limene anaseleula munthu ndi limene anthu ambiri anamutsatira, mawa amawonjeza tsabola. Mbali ina ndi kutengera mapologalamu akunja, kumene kukalipirana pa kanema ndi malonda. Koma kumeneko, mmene ndimaonera pa dikoda, amakalipirana ndi anthu amphamvu okhaokha, andale ndi andale. Ife tinatengera kukuwako, koma woti timukuwire tinasankha wina.

Palinso nkhani ya m'thumba, imene atolankhani eni ake amaidziwa kuposa ine. Malipiro awo ambiri ndi ochepa, ena amatha miyezi osalandira. Ndiye pali chija amachitcha chipondamthengo, kaenvulopu kamene wamkulu amapereka msonkhano ukatha. Sindikunena kuti aliyense amalandira. Koma munthu amene wakupatsa ya thiransipoti dzulo n'kovuta kumudula pakamwa lero, ndipo kampani imene imalipira malonda pa pologalamu yako sungaifunse mokweza mawu. Mlimi wa ku Wimbe alibe envulopu, alibe loya, sadziwa nambala ya bwana wako. Ukali wonse umene unaumeza pamaso pa akuluakulu umakatulukira pa iye. Ndimawamvera chisoni ana amenewa pa umphawi wawo, pakuti inenso ndimaudziwa, koma umphawi sunapatsepo munthu chilolezo chonyoza mmphawi mnzake.

Ena mwa makasitomala anga amati boma lingotseka mapologalamu oterewa. Ine ndimakana. Tinaona mu 2019, chisankho chitangotha, bungwe la boma loyang'anira mawailesi la MACRA litaletsa mapologalamu oimba mafoni, mpaka nkhani inakafika kukhoti ndipo chiletsocho chinachotsedwa. Chiletso chija sichinabwere kudzateteza agogo kapena alimi. Chinatseka pakamwa tonsefe. Boma mukalipatsa chikwapu kuti likwapule muulutsi wamwano, lidzayamba ndi muulutsi wolimba mtima uja amene amapanikiza nduna, wamwano n'kutsala. Tinaonanso mu 2022 MACRA ikulanda ziphaso nyumba zingapo zoulutsira mawu chifukwa cha ngongole za ziphasozo. Pa ndalama mano alipo. Pa ulemu wa munthu wamba ndingakonde kuti nyumbazo zidzikonze zokha, boma lisanapeze chonamizira.

Kuli bungwe la Media Council of Malawi limene limalandira madandaulo a anthu pa za atolankhani. Ine ndinalidziwa chifukwa mphunzitsi wina amene amadya kwa ine anandiuza. Mwa alimi amene amadzaza mabenchi anga, ndani analimvapo? Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndikupempha eni mawailesi a kanema kuti pakutha pa nkhani ndi pa mapologalamu ocheza ndi anthu azinena m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kumene munthu angakadandaule, ndi nambala yoti aimbe kapena kutumiza uthenga. Malonda a sopo mumawabwereza kakhumi pa tsiku, chiganizo chimodzi chimenechi sichingakusaukitseni. Ndipo muulutsi akalakwira munthu pa kanema nthawi ya nkhani za madzulo, akapepesenso pa kanema pomwepo nthawi yomweyo, ndi pakamwa pake, osati kalembera kakang'ono pa Facebook pakati pa usiku, kachizungu, konena kuti "ngati pali amene anakhumudwa". Munthu munamunyoza dzina ndi nkhope zikuoneka. Pepesani chimodzimodzi, ndipo kachidutswa kaja mukachotse pa masamba anu.

Akonzi a mapologalamu, inunso muli ndi mlandu. Zambiri mwa zimene ndatchulazi sizikhala zoulutsidwa pompopompo. Zimajambulidwa, zimapita ku ofesi, wina amakhala pa kompyuta n'kusankha choti chilowe ndi choti chitayidwe. Pa nkhani ya bambo a ku Wimbe, munthu wina wamkulu anaona zonse ziwiri, kuwerengera kwa zodula ndi kupotoka kwa lilime, n'kusankha lilime. Mnyamata wa maikolofoni mwina ndi chibwana, koma amene anadula filimuyo ndi kuivomereza si mwana. A bungwe la atolankhani la MISA Malawi, amene mumapereka mphoto kwa atolankhani chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi, muzifunsako mmene munthu amayankhulira ndi anthu wamba musanamupatse chikho.

Pomaliza ndiyankhule ndi makampani amene mayina awo amaoneka pakona pa galasi mapologalamu amenewa akamaulutsidwa: ogulitsa mbewu, feteleza, mayunitsi, mabanki amene amatsegulira alimi maakaunti nyengo ya fodya. Anthu amene akusekedwawo ndi makasitomala anu. Msika ukatsegulidwa mumatuma anyamata anu kuno ndi matisheti ndi zimkuzamawu kudzawanyengerera, kuwatchula kuti mabwana. Tumani munthu mmodzi akhale pansi aonere pologalamu imene mukulipira kuyambira poyamba mpaka pothera, kwa mwezi umodzi wokha, ndipo akakuuzani zimene waona muimbire foni mwini wailesiyo. Foni yanu amaiyankha.

Ine wanu,
Mayi wa lesitilanti,
Chinkhoma, Kasungu